Kuluka, Kusoka ndi Ntchito Zapakhomo

Funso: Ndimapeka mapatani a majuzi, ndimasokanso madiresi a chitenje, kwinaku ana akundifuna. Nthawi ndiigawe bwanji? Ndine mayi wa ku Chilenje, Lusaka.

Yankho: Mayi, kupeka patani kumafuna mutu wopepuka, choncho muziwerengetsera m'mawa ana akapita kusukulu. Lukani kachidutswa koyesera, mukachape, kaume, kenako muwerenge masitichi pa masentimita 10. Akakhala 22, juzi ya masentimita 70 kuzungulira pachifuwa idzafuna masitichi 154. Ambiri amadumpha apa, juzi n'kutambasuka ikachapidwa koyamba. Lembani m'kope mzere uliwonse, chifukwa mukatha sabata pa makina osokera mudzaiwala pomwe munachepetsa masitichi. Mizere yosavuta muziluka madzulo mukucheza. Ulusi gulani wonse tsiku limodzi ku Kamwala, wogulidwa padera umasiyanako mtundu. Majuzi ovala mu June ayambeni mu March.