Ndachepetsa fodya koma chifuwa chakula: yankho kwa dalaivala wa ku Chawama

Bambo wina wa ku Chawama mu Lusaka, dalaivala wa minibasi, wandilembera imelo. Akuti wasuta fodya zaka zoposa 20, ndipo mwezi wathawu wachepetsa ndudu kuchoka pa 15 patsiku kufika pa 4. M'malo mopeza bwino akutsokomola kwambiri m'mawa, makhololo akuchuluka, chifuwa chikuthina, ndipo nthawi zina amaona ngati mpweya sukukwana. Anzake pasiteshoni ya mabasi ya Kulima Tower akumuuza kuti thupi linazolowera, abwerere pa zakale asanagone nazo. Akufunsa ngati anzakewo akunena zoona.

Ayi achimwene, anzanuwo akukusocheretsani, ngakhale sakuchita dala. Komabe sindikuuzani kuti zonse mukumvazo nzopanda vuto, chifukwa mwatchula zinthu ziwiri zosiyana, kutsokomola ndi phuma.

Za kutsokomola nzosavuta kufotokoza. M'njira za mpweya muli titsitsi tosaoneka ndi maso timene timagwira ntchito ngati tsache, kusesa fumbi ndi makhololo kukwera nazo kummero. Utsi wa fodya umatifoola. Utsi ukachepa, makamaka munthu akasiyiratu, timayambanso kugwira ntchito, ndipo zinyalala zimene zinakhazikika m'chifuwa zimayamba kutuluka. N'chifukwa chake ena amatsokomola kwambiri masabata oyamba kuposa mmene ankachitira akusuta. Imwani madzi ambiri kuti makhololo asalimbe, ndipo musathamangire mankhwala oletsa kutsokomola.

Phuma ndiye lofunika kulionetsetsa. Nikotini, mankhwala a mu fodya amene amachititsa chibaba, sakhalitsa m'magazi, pakangopita maola awiri theka lake limakhala litatha. Thupi lanu linazolowera kumulandira pafupipafupi tsiku lonse, tsopano likudikira maola ambiri. Chibaba chikakwera mtima umathamanga, munthu amakwiya msanga, amapuma mothamanga ndi kumtunda kokha, kenako amayamba kumvetsera mpweya wake, ndipo akamaumvetsera m'pamene umaoneka woperewera. Phuma lotere limabwera limodzi ndi chibaba, n'kutha pakapita mphindi zochepa. Mukaliona likubwera, kokani mpweya ndi mphuno pang'onopang'ono, muutulutse ndi milomo yotseka pang'ono, kutulutsako kutalike kuposa kukoka.

Ndiye tabwerani tikambe za ndudu zinayi zatsalazo, pakuti apa m'pamene ambiri amadzinamiza. Mawa mudzadzione mukamasuta ya m'mawa ija. Mudzapeza kuti mukukoka mwamphamvu, utsi mukuusunga m'chifuwa nthawi yaitali, ndipo mukuimaliza mpaka moto utafika pa zala. Thupi likufinya nikotini yense amene lingapeze mu ndudu iliyonse, ndipo utsi wolowa m'mapapo suchepa molingana ndi chiwerengero cha ndudu. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya madokotala ya BMJ mu 2018 anapeza kuti wosuta ndudu imodzi yokha patsiku amasenzabe pafupifupi theka la ngozi yowonjezera ya matenda a mtima imene ali nayo wosuta 20. Komanso muno mu Lusaka, mmene kantemba kalikonse kamagulitsa ndudu imodziimodzi, zinayi sizichedwa kusanduka zisanu ndi zitatu tsiku limene mwakangana ndi kondakitala.

Kwa ine kuchepetsa kuli ndi phindu ngati muli ndi tsiku losiyiratu. Lisankheni, lisapitirire masabata awiri kuchokera lero. Amene wasiyiratu amavutika kwambiri masiku atatu oyamba mpaka sabata, ndipo zambiri zimazilala pasanathe mwezi. Wochepetsa popanda tsiku amakhala m'chibaba chosatha, tsiku ndi tsiku. Funsani ku famase ngati ali ndi chingamu kapena zigamba za nikotini, zimathandiza ndithu. Balani ndi nsunko si njira yothawira, ndi fodya yemweyo.

Pali china chimene simunachitchule, koma sindingachilumphe: TB. Mwati mwatsokomola mwezi. Zambia ili m'gulu la mayiko amene ali ndi TB yambiri, ndipo wosuta fodya ali pangozi yoidwala pafupifupi kawiri poyerekeza ndi wosasuta. Chifuwa chimene chapitirira masabata awiri chiyenera kuyezedwa, osachiikira dzina kunyumba. Choopsa n'chakuti munthu amene akusiya fodya amakhala ndi chifukwa chokonzeka kale, amati ndi mapapo akudzitsuka, TB n'kumakula, iye ali m'minibasi yodzaza anthu ndi mawindo otseka. Pitani ku chipatala cha Chawama Level One kapena ku kiliniki yapafupi mukapereke makhololo. Makina oyezera TB a GeneXpert amatulutsa zotsatira mwachangu, mankhwala a TB m'zipatala za boma ndi aulere, ndipo kawirikawiri amamwedwa miyezi 6. Ngati mukutuluka thukuta usiku, thupi likutentha madzulo kapena lamba akukhwepa, musadikire tsiku lopuma.

Zina sizidikira ngakhale mawa. Magazi m'makhololo, phuma mutangokhala pansi, milomo kuda, kapena kupweteka pachifuwa kotsikira kumkono ndi kukwera kunsagwada, apo imikani basi pambali, wina akutengereni ku chipatala nthawi yomweyo. Musadziyendetse nokha muli ndi anthu kumbuyo.

TB ikapanda kupezeka koma phuma likupitirira, makamaka pokwera chitunda kapena ponyamula tayala, pemphani kuti akuyezeni mphamvu ya mapapo. Zaka 20 za utsi zitha kusiya matenda a COPD, okhalitsa ndi opanikiza njira za mpweya, ndipo mphumu nayo imatha kubisala m'chifuwa cha wosuta. Zoonongeka za COPD sizibwerera, koma kusiya fodya kumachedwetsa kwambiri kukula kwake. Kumbukiraninso kuti fodya si utsi wokha mukupuma. Pali dizilo wa pasiteshoni, fumbi la Ogasiti mpaka Okutobala, ndi mbaula ya m'nyumba magetsi akathima. Makala amatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo womwenso uli mu ndudu, choncho musagone ndi mbaula m'chipinda chotseka ngakhale Juni atazizira bwanji.

Mukakafika kwa a dokotala muwauze chiwerengero chenicheni cha ndudu ndi zaka zimene mwasuta, musachepetse chifukwa cha manyazi. Atchulireninso mankhwala alionse amene mukumwa, popeza ena, monga theophylline wa mphumu, amakhalitsa m'magazi munthu akasiya kusuta ndipo mlingo wake umafunika kusinthidwa.