Za kuchedwa kukonza msewu wa M5

Achemwali, mwafunsa kuti n'chifukwa chiyani msewu ukaduka ndi napolo kapena madzi osefukira boma limatha miyezi lisanaukonze, chonsecho pa lita iliyonse ya mafuta timalipirapo ndalama ya misewu. Ndikuyankheni ine amene ndimayenda pa M5 sabata ndi sabata ndi matumba a mpunga, kuchokera ku Bua kukatsitsa pa Kaphatenga.

Amene amasunga thumba ndi ena, opereka ntchito ndi enanso. Ndalama za pa mafuta ndi za pa zipata zolipiritsa magalimoto za Chingeni ndi Kalinyeke zimapita ku bungwe losunga ndalama za misewu la Roads Fund Administration, pomwe wolemba kontrakitala ndi bungwe loyang'anira misewu la Roads Authority. Msewu ukaduka amayamba abwera mainjiniya kudzayeza, kenako tenda, kenako kusainirana. Mapepala akamatha, mitengo imakhala itathawa kale. Kumbukirani kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, pomwe phula ndi dizilo timagula kunja ndi madola. Kontrakitala amene anavomera mtengo wakale amangoimika makina pambali pa msewu mpaka udzu kumera m'matayala, kudikira kuti akambiranenso.

Zimenezo ndimazimvako. Chimene chimandiwawa n'china.

Madzi atasefukira ku Dwangwa kumayambiriro kwa 2024, msewu unaduka. Galimoto imakutsitsani tsidya lino, ina kukudikirani tsidya linalo. Anyamata amasenza katundu pamutu, madzi ali m'chiuno, thumba lililonse ndi mtengo wake. Langa lina linagwera m'madzi ndikuona, mpunga wake tinakayanika pamkeka koma unasweka wonse pokonola. Pamalo otere amabwera n'kuthira dothi ndi miyala, kuika makalavati awiri, n'kuzika chikwangwani choti njira yongoyembekezera. Magalimoto akangoyamba kudutsa, phokoso limatha, ndipo chongoyembekezeracho chimasanduka msewu weniweni mpaka mvula ina idzachikokolole.

Phula saika mvula ikugwa, n'zoona. Ndiye nthawi yogwira ntchito ndi Meyi mpaka Okutobala, koma miyezi imeneyo ndi imene aliyense amakhala chete chifukwa pansi pauma. Timadzakumbuka mabingu akayamba.

Ena mwati tizizungulira ku Kasungu pa M18. Mwawerengera mafuta ake? Nanga wa usipa wauwisi afika nawo uli bwanji?

Komanso tisamangoloza boma chala. Agogo ankati napolo ndi chinjoka chochoka kuphiri kupita kunyanja, koma onani mapiri a kumtunda kwathuku mmene tawametera ndi makala. Madzi amatsika ndi mchenga ndi zitsa, kalavati n'kutsekeka, msewu n'kudyeka kunsi. Zimene zinachitika ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 tinaziona tonse.

Ine pamsonkhano wa komiti ya chitukuko cha m'dera (ADC) mwezi uno ndikafunsa akhansala zinthu ziwiri: ntchito yapatsidwa kwa ndani, ndipo papepala analemba kuti idzatha liti. Amene muli pafupi tiyeni tikakhale ambiri.