Mafunso Anu: Kodi m'nkhalango za mvula mitengo imagawana malo mofanana?

FUNSO: Zikomo akonzi, ine ndimakhala ku Zolozolo kuno ku Mzuzu. Ndikamapita ku Chintheche pa minibasi timadutsa pa nkhalango ya Mkuwazi ndiye ndimaona mitengo yake ndi yothinana komanso yobiriwira chaka chonse, osati ngati miombo ya kwathu ija imayoyoka masamba. Mwana wanga akuti ku sukulu anamva kuti nkhalango ngati Amazon zili ndi mitundu ya mitengo masauzande. Kodi ndiye kuti mtundu uliwonse uli ndi mitengo yochuluka chimodzimodzi kapena bwanji? — Mayi wa ku Zolozolo

YANKHO: Mayi, mwana wanuyo anamva zoona, koma kugawana kwake sikofanana olo pang'ono. Mu 2013 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Hans ter Steege linapeza kuti ku Amazon kuli mitundu pafupifupi 16,000 ya mitengo, koma pa mitengo yonse pafupifupi 390 biliyoni, theka lake ndi la mitundu 227 yokha basi. Womwe uli mbwee kuposa yonse ndi mtundu wina wa kanjedza, Euterpe precatoria. Pomwe mitundu 11,000 yosowa kwambiri ija ukaiphatikiza yonse sikwana olo 1 peresenti ya mitengo ya m'nkhalangomo. Zili ngati mu msika waukulu wa Mzuzu, tomato ndi kabichi mumazipeza paliponse koma wogulitsa uchi weniweni mumachita kufunsira kuti ali kuti.

Ndiye anthu ankaganiza kuti mwina ndi za ku Amazon zokha zimenezi. Mu 2024 kafukufuku wina wotsogozedwa ndi University College London anawerenga mitengo yoposa 1 miliyoni ku Africa, ku Amazon ndi kumwera chakum'mawa kwa Asia, anapeza kuti konseko ndi chimodzimodzi, mitundu pafupifupi 2 pa 100 iliyonse ndiyo yatenga theka la mitengo. Ine izi zimandidabwitsa mpaka pano chifukwa nkhalango zimenezi zinasiyanitsidwa ndi nyanja zikuluzikulu kalekale, mitengo yake ndi yosiyana, nyengo zomwe zadutsamo nazo nzosiyana, koma kagawidwe kake kakutuluka kofanana.

Nanga bwanji mtundu umodzi sungolanda nkhalango yonse? Chimodzi mwa zifukwa anachifotokoza akatswiri a zachilengedwe Daniel Janzen mu 1970 ndi Joseph Connell mu 1971. Pansi pa mtengo waukulu pamadzaza tizilombo ndi matenda okonda mtundu womwewo, ndiye njere zikagwa pompo zambiri zimadyedwa kapena timbande take timafa tisanafike m'bondo, zopulumuka ndi zija zatengedwa ndi mbalame, mileme, anyani kapena mphepo nkukagwera kutali. Malo otsala pansi pa make paja amamerapo mtundu wina. Nchifukwa chake nyama zikatha m'nkhalango chifukwa cha ulenje mitengo nayo imavutika ngakhale palibe wabwera ndi nkhwangwa.

Koma pali malo ena omwe mtundu umodzi umapambanadi. Ku Congo kuli mtengo wotchedwa limbali, umatha kutenga dera lalikulu pafupifupi wokhawokha, njere zake nzolemera zimagwa pafupi ndipo timbande take timapirira mthunzi. Ndi wa banja limodzi ndi miombo yathu yomweyi, ndipo yonse mizu yake imagwirizana ndi bowa pansi pa nthaka. Bowa uja amayi amagulitsa m'mabeseni m'mbali mwa msewu nthawi ya dzinja amamera chifukwa cha mgwirizano umenewo, mukadula miombo kuotcha makala bowa nayenso amapita.

Za Mkuwazi mwaona bwino mayi. Dera la Nkhata Bay limalandira mvula yambiri chifukwa mphepo yachinyezi yochokera ku nyanja imagunda mapiri a Viphya, ndiye kwatsala tizigawo ta nkhalango yobiriwira chaka chonse, ina ili kumapiri a Misuku ku Chitipa monga Mughese. Ndi ting'onoting'ono poyerekeza ndi Congo, ndipo apa mpomwe ine mtima umandiwawa, chifukwa mtundu wosowa ukhoza kukhala ndi mitengo yowerengeka m'nkhalango yonse, wina akalowa ndi sowo usiku umodzi watha, ndipo wodutsa pa minibasi sangadziwe poti kunja kukuonekabe kobiriwira. Anthu ena amati palibe vuto tidzala ina, koma zomwe timadzala nthawi zambiri ndi paini ndi bulugamu ngati ku Chikangawa, zimathandiza pa matabwa ndi nkhuni inde, koma ndi mtundu umodzi mizere mizere, sizibweza zija zatayika.

Mwana wanuyo muuzeni ayese izi ndi anzake ndi aphunzitsi awo. Akapeze malo a mitengo yachilengedwe, ayeze mapazi 20 uku ndi 20 uku, atole tsamba limodzi pa mtengo uliwonse nkuwaunjika ofanana pamodzi. Aona milu iwiri kapena itatu ikukula msanga, kwinako tsamba limodzi limodzi, ndipo amenewo akafunse agogo mayina ake m'Chitumbuka kapena m'Chitonga nkuwalemba mu kope.