Ndinamuphunzitsa ntchito ndine, koma akulandira zambiri kuposa ine

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amawerenga zimene ndimalemba pano. Anandipempha kuti ndisatchule dzina lawo kapena kumene amagwira ntchito, ndipo sinditero. Agwira ntchito yowerengetsa ndalama pakampani ina kwa zaka 6. Chaka chatha kunabwera mnyamata watsopano, abwana n'kuwauza kuti amuphunzitse ntchito. Anamuphunzitsa ndi mtima wonse, mpaka kumatsala naye madzulo ena onse ataweruka kuti mabuku a kumapeto kwa mwezi agwirizane. Tsiku lina atapita kukatenga mapepala awo pa printa, anapeza pesilipi ya mnyamatayo, pepala losonyeza malipiro ake, ili pamwamba. Sanafune kuiwerenga, koma maso anali ataona kale. Mnyamatayo amalandira zambiri kuposa iwo.

Analemba kuti: "Chiyambire tsiku limenelo tulo sindikutiona. Salale yomweyo imene ndinkaiyamikira mwezi wapitawo, lero ndikaiona mtima umandiwawa. Kodi ndi nsanje? Kodi ndine wosayamika? Nanga ndilankhule, ndikhale chete, kapena ndingosiya ntchito?"

Achemwali, ndiyambe ndakutulani mtolo umodzi. Imeneyo si nsanje.

Wansanje amafuna kuti mnzake asakhale nacho. Inu m'kalata yanu yonse simunanenepo kuti mnyamatayo amudulire malipiro, ndipo munamuyamikira kuti ndi waulemu komanso wogwira zinthu msanga. Chikukuwawani ndi funso lina: nanga zaka 6 zangazi zawerengedwa pati? Funso limenelo ndi loyenera, ndipo munthu aliyense wodzilemekeza angalifunse.

Mu 1963 katswiri wina wa maganizo a anthu, J. Stacy Adams, anafotokoza chinthu chimene aliyense wogwira ntchito amachidziwa mumtima ngakhale sanachiphunzire. Munthu sayeza malipiro ake paokha. Amaika mbali imodzi zonse zimene wabweretsa, zaka, luso, maphunziro, thukuta, kukhulupirika, n'kuika mbali inayi zimene akulandira. Akatero amayang'ana sikelo ya mnzake. Masikelo awiriwo akafanana, mtima umakhala m'malo. Akasiyana, munthu sakhazikika mpaka atachitapo kanthu: apempha zambiri, achepetsa mphamvu zimene amaika pantchito, achoka, kapena adzinamiza kuti zilibe kanthu. N'chifukwa chake salale yanu sinasinthe ngakhale pang'ono pakati pa mwezi watha ndi mwezi uno, koma kukoma kwake kwatha. Mwezi watha munali musanaone sikelo inayo.

Zimenezi zinayesedwa pa anthu enieni. Mu 2008 nyuzipepala ya Sacramento Bee ku California inaika pa intaneti malipiro a ogwira ntchito m'boma, kuphatikizapo a ku University of California. Akatswiri anayi a zachuma, David Card, Alexandre Mas, Enrico Moretti ndi Emmanuel Saez, anadziwitsa ena mwa ogwira ntchito kuyunivesiteyo za tsambalo, ena osawadziwitsa, kenako n'kudzawafunsa onse mmene akuonera ntchito yawo. Amene malipiro awo anali m'munsi poyerekeza ndi anzawo a m'dipatimenti yomweyo anayamba kuida ntchito, ndipo onena kuti akufuna kukasaka ina anachuluka. Koma amene anali pamwamba sanasangalale kuposa kale. Ine zimenezi zimandikhudza kwambiri, chifukwa zikusonyeza kuti bwana wosiyanitsa anthu popanda chifukwa sagula chimwemwe kwa amene wamupatsa zambiri. Amangogula mkwiyo wa amene wamumana.

Komabe kusiyana kwa malipiro pakokha si kumene kumapweteka. Ku Odisha, m'dziko la India, akatswiri ena atatu, Emily Breza, Supreet Kaur ndi Yogita Shamdasani, anachita kafukufuku pakati pa anthu opanga zinthu ngati zingwe ndi matsache m'timafakitale ting'onoting'ono, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2018. M'magulu ena onse ankalandira mofanana, m'magulu ena mosiyana. Pamene malipiro anali osiyana koma kunali kovuta kuona amene akugwira ntchito kwambiri, ntchito inatsika ndipo anthu anayamba kujomba, kulolera kutaya ndalama ya tsikulo, chikhalirecho anali anthu osauka. Koma pamene aliyense ankaona ndi maso ake kuti wolandira zambiriyo akupangadi zambiri, vuto limeneli silinaoneke. Anthu amavomera kuti mnzawo awapose, malinga chifukwa chake chikuoneka. Chimene mtima umakana ndi kusiyana kopanda wochifotokoza. Apa m'pamene pali bala lanu, achemwali. Palibe amene anakhala nanu pansi n'kukuuzani chifukwa. Munachita kuzitola pa printa.

Tsopano ndinene mbali yovuta, ndipo mundimvetse bwino. Kuwawa kwa mtima wanu n'koona, koma sikuti pakokha ndi umboni. Munaona pepala limodzi la mwezi umodzi, mwinanso kwa kamphindi chabe. Kodi chimene munaona ndi malipiro asanadulidwe, kapena ndalama yopita m'thumba? Mwina inu amakudulani ngongole kapena penshoni yambiri. Mwina mwezi umenewo iye analandira ovataimu, alawansi ya ulendo, kapena ndalama zotsalira za miyezi yam'mbuyo. Mwina ali ndi pepala la maphunziro limene kampani imaliwerengera. Zimenezi muzilingalire musanatsegule pakamwa, kuopa kulowa mu ofesi ya abwana ndi moto n'kutulukamo ndi manyazi.

Ndikukayika kuti zifukwa zimenezo n'zimene zachitika kwa inu, chifukwa pali china chofala kwambiri. Kampani ikafuna munthu watsopano imakakamizika kulipira mtengo wa lero, apo ayi sabwera. Koma munthu wakale imangomuwonjezera kakang'ono chaka ndi chaka pamwamba pa mtengo umene analowera kalekale. Zaka zikamapita, wakale uja amatsalira m'mbuyo, ndipo kukhulupirika kwake ndi kumene kumamulanga. Onjezanipo kukwera mitengo kwa zinthu. Ngati anakuwonjezerani 5 pa 100 iliyonse pamene zinthu zakwera ndi 10 pa 100, chaka chimenecho anakudulani malipiro, ngakhale kalata yake inabwera ndi mawu oyamikira. Tengani mapesilipi anu onse kuyambira lakale kwambiri, muwayale patebulo, muone ngati ndalama ya lero ikugula zimene inkagula ndalama ya chaka choyamba. Anthu ambiri sanachitepo masamu amenewa, ndipo akawachita amagwira pakamwa.

Palinso nkhani imene simunaitchule, koma ine sindiilumpha. Inu ndinu mayi, iye ndi mwamuna. Sindikunena kuti chifukwa chake n'chimenecho, koma sindingakuuzeni kuti muchichotse m'maganizo. Chikalata cha United Nations cha ufulu wachibadwidwe cha mu 1948, m'ndime 23, chimanena kuti ogwira ntchito yofanana alandire mofanana popanda tsankho. Mu 1951 bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linakhazikitsa pangano nambala 100 pa nkhani yomweyi ya amuna ndi akazi. Koma lipoti la bungwe lomwelo la mu 2018 linapeza kuti padziko lonse akazi amalandirabe pafupifupi 20 pa 100 kucheperapo kusiyana ndi amuna. Lilly Ledbetter anagwira ntchito ya ukapitawo pafakitale ya matayala ya Goodyear ku Alabama kwa zaka pafupifupi 20. Anadziwa kuti amuna a udindo wofanana naye amamuposa chifukwa cha kapepala kopanda dzina kamene wina anamusiyira. Anakasuma, koma mu 2007 khoti lalikulu la ku America linagamula kuti anachedwa kudandaula. Anachedwa bwanji pa chinthu chimene ankamubisira? Mu 2009 dzikolo linasintha lamulo, ndipo lamulo latsopanolo linatchedwa dzina lake. Nkhani yake ndaikumbuka chifukwa nayenso anadziwira pa kapepala ngati inu, komanso kuti mudziwe kuti madandaulo a kuntchito amakhala ndi malire a nthawi. Fufuzani zimene malamulo a ntchito a kwanu amanena, musadikire zaka.

Chinsinsi cha malipiro amati chimateteza mtendere pantchito. Ine ndimaona kuti kawirikawiri chimateteza wolipira. Mayiko ena ayamba kuchiphwasula. Mu 2023 mayiko a European Union anagwirizana lamulo lopatsa wogwira ntchito ufulu wofunsa kuti ena ogwira ntchito yofanana ndi yake amalandira zingati mwapakatikati, amuna paokha ndi akazi paokha, komanso loletsa olemba ntchito kufunsa wofuna ntchito kuti ankalandira zingati kumene akuchokera.

Pa zinthu zitatu zimene mwafunsa, choopsa kwambiri ndi kukhala chete. Ndikunena izi chifukwa ndinadutsamo. Pamalo ena amene ndinagwirako ntchito ndinamva kuti mnzanga wa desiki yoyandikana nane amandiposa. Sindinafunse aliyense. Ndinangoyamba kufika nthawi itakwana ndendende n'kuweruka nthawi itakwana ndendende, ntchito yowonjezera ndinkaikana, pamisonkhano ndinkangoti duu. Mumtima ndinkati ndikubweza. Patapita miyezi, nthawi younika ntchito itafika, abwana anatsegula fayilo, n'kuvula magalasi, n'kunena modekha kuti, "Chaka chino mwabwerera m'mbuyo." Ndinalibe choyankha, chifukwa zinali zoona. Ndinali nditawapatsa ndi manja anga chifukwa chondilipirira zochepa, chifukwa chimene poyamba analibe. Mpaka lero zimandimvetsa chisoni. Kukhala chete kwa munthu wopwetekedwa sikukhala chete kwenikweni, kumatulukira m'ntchito yake.

Choncho lankhulani. Safunsa anadya phula. Koma kalankhulidwe kake n'kofunika.

Musatchule za pesilipi ija, ndipo musatchule dzina la mnyamatayo. Mukatero nkhani idzachoka pa malipiro anu n'kupita pa funso lakuti munaona bwanji pepala la mwini, ndipo mudzatuluka muli wolakwa ndinu. Pemphani nthawi yapadera, osati kuwaimika abwana pakhonde kapena pa tsiku lotseka mabuku. Musanapite, lembani pa pepala limodzi ntchito zimene munalembedwera pachiyambi ndi zimene mukugwira lero. Kuphunzitsa antchito atsopano kukhalepo, chifukwa amene amapatsidwa munthu kuti amuphunzitse ndi amene kampani imamudalira. Onaninso zotsatsa ntchito zofanana ndi yanu, ndipo funsani anzanu a ntchito yomweyo m'makampani ena, kuti mukhale ndi nambala m'mutu. Mukalowa, yambani ndi funso: "Bwana, ndimafuna ndimvetse mmene malipiro a udindo wangawu amakonzedwera. Ndili pa giredi yanji, ndipo chofunika n'chiyani kuti ndikwere?" Kenako ikani pepala lanu patebulo n'kutchula ndalama imene mukuona kuti ikuyenerani. Itchuleni momveka, mukatero mukhale chete. Ambirife timaopa bata limene limatsatirapo, ndiye timathamangira kudzitsitsa tokha, "koma ngati sizingatheke palibe vuto." Mawu amenewo muwameze. Asiyeni abwana ayankhe.

Musadzione ngati wopemphetsa. Wolemba ntchito wanzeru amadziwa kuti kutaya munthu wodziwa ntchito n'kokwera mtengo. Mu 1913 fakitale ya galimoto ya Henry Ford inalemba anthu oposa 50,000 m'chaka chimodzi pofuna kudzaza malo pafupifupi 14,000 okha, chifukwa anthu ankangobwera n'kuchoka. Mu Januwale 1914 Ford analengeza malipiro a madola 5 patsiku, kuposa kuwirikiza kawiri zimene ambiri ankalandira, ndipo kuchoka kwa anthu kunatsika kwambiri. Inu mukachoka mawa, zonse zimene zili m'mutu mwanu za mabuku a zaka 6 zichoka nanu, ndipo wodzalowa m'malo mwanu adzafuna mtengo wa lero. Abwana anu masamu amenewa amawadziwa.

Ngati pantchito panu pali yuniyoni, kambiranani ndi oimira antchito musanapite kapena mukabwerako. Iwo amadziwa magiredi, ndipo mwina mudzapeza kuti simuli nokha amene mwatsalira. Dandaulo la anthu khumi salikankhira kumbali ngati la munthu mmodzi.

Za kusiya ntchito, musafulumire. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kusaka ntchito ina yambani ngakhale lero, palibe tchimo pamenepo, koma kalata yosiya ntchito musalembe musanagwire m'manja kalata ya kumene mukupita. Ndipo musaopseze kuti muchoka ngati simunakonzeke kuchokadi, chifukwa abwana ena amangoti, "Chabwino, pitani."

Yankho limene mungakumane nalo kwambiri si "eya" kapena "ayi". Ndi "tiona", kapena "bajeti ya chaka chino yatha". Musalilandire lili lopanda tsiku. Funsani mwaulemu kuti, "Ndibwerenso liti kuti tidzamalize nkhaniyi?" Mukabwerera pa desiki panu, atumizireni imelo yaifupi yowathokoza, yotchula zimene mwakambirana ndi tsiku limene mwagwirizana. Tsikulo likafika, gogodani. Mukapeza kuti afotokoza chifukwa chomveka cha kusiyana kuja ndipo akuonetsani njira yokwerera, mtima wanu udzakuuzani wokha kuti mungathe kukhala. Mukapeza kuti tsiku lija lasunthidwa kawiri, katatu, popanda chifukwa, ndiye kuti akuyankhani kale, ndipo mphamvu zanu za madzulo muziike pa makalata ofunsira ntchito kwina.

Mukakumana nawo abwanawo, mundilemberenso, achemwali. Ndikufuna kumva zimene ananena mutatchula nambala ija.