Kompyuta ikungoima pa grub rescue

Funso: Akonzi, nditafufuta gawo limodzi la disiki, kompyuta yanga ya Ubuntu ikungoonetsa mawu akuti grub rescue pa sikirini yakuda. Kodi mafayilo anga atayika?

Yankho: Mtima pansi bambo, kawirikawiri mafayilo a m'magawo otsalawo amakhala alipo ndithu. Nthawi zambiri vuto limakhala lakuti manambala a magawo asintha, choncho GRUB, pulogalamu yodzutsa Ubuntu, ikufunafuna foda yake pamalo akale. Lembani ls kuti muone magawo onse, kenako muyese limodzilimodzi, mwachitsanzo ls (hd0,msdos5)/boot/grub, mpaka mupeze lomwe lili ndi fodayo. Mukatero lembani set prefix=(hd0,msdos5)/boot/grub, koma m'malo mwa (hd0,msdos5) muike dzina la gawo lomwe mwapezalo, kenako insmod normal, pomaliza normal. Ubuntu ikatseguka, chonde musazimitse kompyuta musanatsegule Terminal (pulogalamu yolembamo malamulo) ndi kulemba sudo grub-install /dev/sda, mutatsimikiza kuti /dev/sda ndilo dzina la disiki yanu, komanso sudo update-grub, apo ayi mukadzayatsanso vutolo lidzabwerera.