Kompyuta ikamauma mukaipatsa ntchito yambiri: yankho kwa achimwene a ku Nchalo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena ake a ku Nchalo omwe amakonza mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe. Akuti kompyuta yawo ili ndi Ubuntu (mtundu wina wa Linux) ndi RAM ya 8GB, ndiye akayatsa ffmpeg (pulogalamu yosinthira mavidiyo) kangapo nthawi imodzi uku Chrome yadzaza matabu, makina amangouma, nthawi zina kagetsi ka Caps Lock kamangophethira basi. Ayikanso Ubuntu katatu konse koma vuto lili pomwepo, ndiye akufunsa ngati kernel yawo, mtima wa Linux womwe umalumikiza mapulogalamu ndi zitsulo za kompyuta, ili yowola.

Achimwene, choyamba siyani zofufuta n'kuyikanso zija, mukungotaya umboni. Kagetsi kophethira kaja ndi kernel panic yeniyeni, kutanthauza kuti kernel yakumana ndi chinthu chomwe singapitirire nacho ndiye yadziyimitsa dala. Koma si kuuma konse komwe kuli panic ayi. RAM ikadzaza makina amathawira ku swap (malo a pa disiki othandizira RAM), disiki n'kumangolira, mausi n'kumakwawa ngati kamba, kenako OOM killer, mbali ya kernel yomwe imalowererapo memory ikatha, amasankha process imodzi (pulogalamu yomwe ikuyenda) n'kuipha. Pamenepo kernel ili moyo, yangothedwa nzeru.

Kuti musiyanitse, mukayatsanso lembani mu terminal journalctl -k -b -1, ikuonetsani zomwe kernel inanena ulendo wapitawo. Mukaona "Out of memory: Killed process" ndiye kuti mwangoisenzetsa katundu wopitirira muyeso, ndipo ffmpeg imodzi yokha nthawi zambiri imagwiritsa kale ma core onse, kuyatsa zinayi sikufulumizitsa kanthu, ziyikeni pa mzere. Mukaona "soft lockup" ndiye kuti CPU inakakamira mkati mwa kernel masekondi opitirira 20. Mukaona "Machine check" kapena "Hardware Error", vuto lili m'zitsulo. Chovuta n'chakuti panic yeniyeni kawirikawiri siyikhala ndi mpata wolemba pa disiki, ndiye pakatuluka zolemba pa sikirini jambulani ndi foni musanagwire batani.

Tsono pano ndi pomwe ndikufuna tikhalepo, chifukwa imelo yanu sinanene nthawi yomwe zimachitika, ndipo ine ndikukayikira kuti ndi masana. Kuno kuchigwa Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndiye kashopu ka malata kopanda siling'i, mpweya womwe fani ikukokera mkati ndi wotentha kale ngati wa mu uvuni. Anzathu a ku Dedza zimenezi sangazimvetse. Ikani lm-sensors, pulogalamu yoyezera kutentha kwa makina, lembani watch sensors, kenako yambitsani ntchito yanu muzionerera manambala akukwera. Ma CPU ambiri a Intel akafika cha m'ma madigiri 100 amadzichepetsera liwiro okha, akapitirira amazima, ndipo kutentha komweko kumafika ku RAM ndi power supply zomwe mwina ndi zofooka kale. Yesani ntchito yomweyo m'mamawa kusanatenthe, muyibwerezenso 2 koloko masana. Ikadutsa m'mawa n'kugwa masana, kernel ilibe mlandu.

Ine zinandichitikirapo ndili ku Ngabu, ndinatha sabata ndikusinthasintha ma kernel, kutsegula bokosi la kompyuta n'kupeza fumbi latsekeratu heatsink (chitsulo choziziritsira CPU), mphemvu zamanga mudzi, thermal paste, kaphala kopaka pakati pa CPU ndi heatsink, yauma gwa ngati chikhokho cha nsima. Kupukuta ndi kupaka ina, nkhani inathera pomwepo, manyazi okhaokha.

Kutentha kukakhala kuti kuli bwino, pitani ku RAM. Yatsani memtest86+, pulogalamu yoyesera RAM, muyisiye usiku wonse, mzere wofiira ngakhale umodzi ndiye kuti pali chovuta, chotsani ma RAM muziyesa imodziimodzi. RAM yodwala imabisala kompyuta ikamagwira ntchito zopepuka chifukwa malo owonongekawo sakufikidwa, imaonekera mukadzaza. Power supply nayo chimodzimodzi, makamaka izi zakaunjika, CPU ikangokoka mphamvu zambiri imagonja, ndipo ngati mukuyendera sola ndi inveta yaing'ono yesani tsiku lina pa magetsi okhazikika muone. Pali stress-ng yomwe mungapanikize nayo CPU payokha kenako memory payokha, kuti mudziwe mbali yomwe ikugwetsa.

Zonsezi zikadutsa ndiye tiyambe kuloza kernel. Pa chithunzi cha panic chija yang'anani mawu oti "Tainted" ndi dzina la module (kachigawo kowonjezera ka kernel) yomwe ili pansi pa mawu oti Call Trace, nthawi zambiri amakhala driver wochokera kunja ngati wa NVIDIA kapena wa ka Wi-Fi ka USB. Poyatsa gwirani Shift kapena dinani Esc kuti GRUB, menyu yosankhira zoti kompyuta iyatse, ituluke, lowani Advanced options musankhe kernel yakale, ikakhazikika ndiye kuti update ndi yomwe inabweretsa vuto. Mukafuna umboni wonse ikani linux-crashdump, imeneyo imasunga padera kagawo ka RAM ka kernel yachiwiri yomwe imadzuka yoyamba ikagwa n'kulemba zonse mu /var/crash, kungoti pa 8GB kagawo kameneko mukamva kuwawa pang'ono.

Nditumizireni chithunzi cha sikirini ndi manambala a sensors a 2 koloko masana, komanso mundiuze kuti bokosilo munalitsegula liti komaliza.