Mpata wa paipi yofiira ija musatsindiremo mapepala a simenti

FUNSO: Akonzi, ine ndi mmisiri, tikumanga mafulati a nsanjika kuno ku Salima njira ya ku Senga Bay. Pali paipi yofiira yochoka pansi mpaka pamwamba koma mulibe madzi, ndiye mapulambala anaboola silabu iliyonse nkusiya mpata woti dzanja kulowa. Abwana akuti tingotsindira mapepala a simenti nkupaka pulasitala. Zili bwino zimenezi?

YANKHO: Ayi achimwene, chonde musatero. Paipi imeneyo amati dry riser, imakhala youma dala, tsiku la moto ozimitsa moto amalumikiza galimoto yao pansi nkupopa madzi, ndiye pa nsanjika iliyonse pali valavu yomangapo hosi yao. Paipiyo payokha ilibe vuto, choopsa ndi ngalande yomwe ikudutsamo, mpata mwanenawo.

Inu mumaotcha njerwa, mukudziwa mmene moto umakokera mpweya mu uvuni kuthamangira kumwamba. Mpata umenewo uchita chimodzimodzi, mbaula ikayatsa katani pansi utsi umafika kwa ogona pamwamba moto usanaoneke nkomwe, ndipo pa ngozi zambiri za moto chimapha anthu ndi utsi. Nchifukwa chake fulati iliyonse ndi nsanjika iliyonse imayenera kutsekeka payokha kuti moto uchedwe pomwe wayambira, mphindi 30 kapena 60, anthu atsike. Pa moto wa ku Grenfell Tower, nyumba yaitali ya mafulati ku London, mu 2017 anafa anthu 72, chinakulitsa moto ndi zomwe anakutira kunja kwa khoma koma utsi unadzadzanso m'makonde poti zitseko zina sizimadzitseka zokha, masitepe anali amodzi okha nyumba yonse.

Mapepala aja apsa, kapulasitala kopyapyala kasweka ndi kutentha basi njira yatseguka. Thovu la mchitini la kuhadiweya lijanso ayi, lambiri limayaka, anthu amangolikonda poti silichedwa. Chofunika ndi rock wool, ubweya wopangidwa ndi miyala, mutsindire zolimba kuzungulira paipi kenako mumate ndi fire sealant, phala lomatira lopirira moto, pamwamba ndi pansi pomwe. Ngati dzenje ndi lalikulu pali matope ake opirira moto omwe amathira mutaika thabwa kunsi, koma onani pa thumba kuti analemba mphindi zingati. Ndipo mungalandemo mukadutsanso paipi ya pulasitiki, imeneyo imasungunuka nkusiya bowo, imafuna fire collar yomwe imafufuma ikatentha nkutseka. Mawaya nawonso, amagetsi akabwera pambuyo panu nkuboolanso muwatsate, apa mpomwe ntchito yabwino imaonongekera kawirikawiri.

Kachitseko ka pa ngalandeyo kakhale kolimba ku moto, osati pulayiwudi, ndipo alonda asamasungemo mamopu ndi zigubu za penti.

Abwanawo auzeni mwaulemu kuti aitane injiniya wa nyumbayo aone silabu iliyonse musanatseke, inu mujambule pa foni dzenje lililonse musanamate ndi mutamata.